Mafunso ndi mayankho: m'kati mwa kesi ya Cooler Master NR200 ndi kaziziritsidwe kake

NR200, kesi (bokosi lokhalamo zipangizo za kompyuta) ya Cooler Master, inatuluka m'chaka cha 2020, ndipo mpaka lero anthu ambiri ofuna kompyuta yaing'ono koma yamphamvu amayambira pa iyoyi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu amakhala nawo asanagule zipangizo, kapena atagula kale n'kupeza kuti chitseko chikukana kutsekeka.

Mukati yaing'ono, ndiye kuti yaing'ono bwanji?

Kukula kwake ndi malita 18.25, osawerengera miyendo ndi zina zotulukira kunja. Kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi mamilimita 376, m'lifupi 185, msinkhu 292 kuwerengera ndi miyendo yomwe. Ganizirani chigubu cha malita 20 chija timatungira madzi: NR200 ndi yochepa pang'ono kuposa chimenecho. Kesi wamba yaikulu, ya muyeso wa ATX, nthawi zambiri imapitirira malita 40.

Pakati pa makesi ang'onoang'ono, iyi ndi ya m'gulu la zikuluzikulu. DAN A4-SFX ili ndi malita pafupifupi 7, Fractal Terra ili ndi 10.4. Malita owonjezerawo ndi amene akupatsani mwayi wolowetsa cooler yaitali (choziziritsira CPU, ubongo wa kompyuta) ndi khadi la graphics lonenepa (lija lopanga zithunzi za pa sikirini) popanda kulimbana nazo usiku wonse.

Ndi motherboard yanji imene imalowa?

Motherboard ndi bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndipo muno mumalowa ya Mini-ITX, ya mamilimita 170 mbali zonse. Muyeso umenewu unayambitsidwa ndi kampani ya VIA m'chaka cha 2001. Bodi yotere imakhala ndi malo amodzi okha a PCIe (polowetsa khadi la graphics) ndi malo awiri a RAM (memori ya kompyuta), choncho gulirani RAM yokwanira nthawi imodzi, chifukwa powonjezera mudzayenera kuchotsa yakaleyo. Mini-DTX, ya 170 ndi 203, nayonso imalowa koma imatsikira pansi n'kudya malo a mafani. Ngati muli ndi microATX ya 244 ndi 244 kunyumba, kesiyi sanaipangire imeneyo.

Zinthu zimakhala pati m'katimo?

Mukachotsa chitseko cha kumanzere, motherboard ili chilili pakhoma la kumanja, chakumbuyo. Kutsogolo kwake, m'mwamba, kwapachikidwa power supply (chogawira magetsi ku zipangizo zonse) m'kakhola kake kachitsulo. Pansi pa zonsezi ndi pamene khadi la graphics limagona, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo, mafani ake atayang'ana pansi. Pamwamba pali malo a mafani awiri a mamilimita 120, pansi palinso awiri, kumbuyo imodzi ya 92. Kenako pali chitsulo chopingasa chimene chimamangidwa m'mbali, kuseri kwa chitseko, chonyamula mafani awiri a 120 kapena 140, kapenanso radiyeta ya zoziziritsira zamadzi. Zonse pamodzi ndi mafani 7.

Kutsogolo kulibe fani. Anthu ozolowera makesi aakulu amadabwa nazo, poti kumeneko mpweya umalowera kutsogolo n'kutulukira kumbuyo. Muno umalowera pansi ndi m'mbali, n'kutulukira pamwamba. Kuseri kwa nkhope ya kutsogoloyo anangoikako malo a ma SSD (zosungira mafayilo) awiri a mainchesi 2.5.

Chinthu chimene ine ndimaikondera kesiyi n'chakuti zitseko zake zimangokokedwa ndi manja, ndipo ngakhale pansi pake pamamasuka. Dzanja limafika paliponse.

NR200, NR200P, NR200P MAX: zikusiyana pati?

NR200 ndi NR200P ndi thupi limodzi. Yoyamba imabwera ndi zitseko zamabowo basi, fani imodzi ya 120 ndi ina ya 92. Ya P imabwera ndi chitseko chagalasi kuphatikiza chamabowo chija, mafani awiri a 120, ndi kebo ya riser yoimikira khadi la graphics.

MAX, imene inatuluka mu 2021, ndi nyama ina ngakhale kunja imafanana nazo. Imabwera ndi radiyeta ya mamilimita 280 yomangidwa kale pamwamba ndi power supply ya ma watt 850, ndipo khadi la graphics limangoimikidwa, siligona. Zambiri zimene zalembedwa panozi n'za ziwiri zoyambazo.

Khadi la graphics ndiligoneke kapena ndiliimike?

Funso lalikulu ndi limeneli, chifukwa mukaliyankha ndiye kuti mwasankhiratu cooler, mafani ndi chitseko.

Likagona, khadi limalowa mwachindunji mu motherboard popanda kebo ina iliyonse pakati. Kesi imalola khadi lotalika mpaka mamilimita 330 ndi lonenepa mpaka masloti atatu (timipata ta kumbuyo kwa kesi tomwe amayezera kunenepa kwa khadi). Mafani ake amakhala moyang'anizana ndi mabowo a pansi, ndiye amakoka mpweya wozizira wa panja umene sunadutse pa chinthu china chotentha. Pamwamba pake pamatsala malo onse a cooler ya CPU, mamilimita 155. M'kompyuta ya masewera, khadi ndi limene limatentha kwambiri: makhadi ambiri amadya ma watt 200 mpaka 300 ndi kupitirira, pamene CPU pa masewera omwewo nthawi zambiri siifika theka la zimenezo. Ndiye kupereka mpweya woyamba kwa khadi ndi nzeru.

Mukaliimika, khadi limabwera kutsogolo kwa motherboard, pafupi ndi chitseko. Pamenepo zinthu zitatu zimasintha. Masloti amatsala awiri okha. Malo a cooler ya CPU amatsika kufika mamilimita 76, kutanthauza kuti cooler iliyonse yaitali yatuluka m'ndandanda. Ndipo chitsulo cha m'mbali chija chilibenso malo, choncho radiyeta ya m'mbali nayo yapita. Chimene mwapindula ndi maonekedwe: mafani a khadi ndi magetsi ake amitundumitundu akuonekera pagalasi. Koma galasilo ndi limenenso likulitsekera mpweya, chifukwa mafani atsamira pafupi ndi khoma lopanda bowo.

Ine maganizo anga ndi osabisa: gonekani khadi. Kuliimika kumamveka ngati muli ndi chitseko chamabowo ndi khadi lopyapyala, kapena ngati mukumanga zoziziritsira zamadzi zanuzanu zokhala ndi mapaipi ndi thanki. Kupatula apo, mukugulitsa madigiri kuti mugule kukongola.

Musanagule khadi, musangoona utali wake. Onaninso m'lifupi, kuchokera pa motherboard kufika kuchitseko. Malire ndi mamilimita 156, ndipo pulagi ya magetsi imalowera mbali yomweyo. Makhadi atsopano okhala ndi pulagi ya mapini 16 safuna kuti kebo ipindidwe mwamphamvu pafupi ndi pulagi. Khadi litha kulowa bwinobwino, kebo yake n'kukhala imene ikukankha chitseko.

Chitseko chagalasi kapena chamabowo?

Chamabowo chimaziziritsa bwino, palibe kutsutsana. Galasi limachotsanso mamilimita awiri pa malo a cooler, kuchoka pa 155 kufika 153, ndipo mafani a m'mbali alibenso ntchito chifukwa alibe popumira.

Komabe galasi silipha kompyuta ngati khadi lagona, pansi pali mafani olowetsa mpweya ndipo pamwamba pali otulutsa. Mpweya umangoyenda ngati m'chumuni. Amene anagula NR200P ali ndi mwayi woyesa zonse ziwiri: aike galasi m'miyezi yozizira ya June ndi July, Okutobala akafika abwezere chamabowo.

Cooler ya mpweya yaikulu bwanji ingalowe?

Tengani 155 ngati malire. Noctua NH-D15 ndi ya mamilimita 165, siilowa, musadzivutitse. NH-U12A ndi ya 158; ena amaiumiriza ndi chitseko chamabowo n'kutseka, koma zimadalira motherboard, chifukwa kutalika kwa soketi (pokhala CPU) kumasiyana pang'ono pakati pa bodi ndi bodi. Scythe Fuma 2 ndi Thermalright Peerless Assassin 120 SE zili pamalire penipeni, ndipo n'chifukwa chake zinatchuka kwambiri ndi kesiyi. NH-D12L ya 145 ndi NH-U9S ya 125 zimalowa mosakayikitsa, ngakhale ndi galasi.

Palinso mtundu wina, wa cooler yogona chafufumimba imene imauzira mpweya pa motherboard, monga NH-C14S. Iyi imagwirizana bwino ndi chitseko chamabowo chifukwa imapuma mpweya wa panja mwachindunji, ndipo imaziziritsanso RAM ndi tizipangizo tozungulira soketi. Ndi galasi, musaiganizire.

Msinkhu si vuto lokhalo. Ma bodi a Mini-ITX ndi othinana, ndipo ambiri ali ndi zitsulo zazitali pamwamba pa M.2 (pokhala SSD yaing'ono) ndi kumbuyo kwa ma USB. RAM yokhala ndi zipsepse zazitali kapena magetsi imakankhira fani ya cooler m'mwamba, fani ija n'kugunda chitseko. RAM yaifupi, yopanda zokongoletsa, imathetsa nkhani zambiri.

Cooler iuzire kumbuyo ngati mwa nthawi zonse?

Apa NR200 ili ndi kachinsinsi kake. Mwa chizolowezi, fani ya cooler imakoka mpweya wa m'kati mwa kesi n'kuukankhira kumbuyo. Koma m'kesi muno mpweya wa m'katiwo ndi womwe khadi la graphics langoutulutsa, wotentha kale. Choncho anthu ambiri amatembenuza: cooler imakoka mpweya wozizira kumbuyo kwa kesi, n'kuukankhira chakutsogolo, kumene mafani a pamwamba amautola n'kuutaya kunja. Pa masewera, pamene khadi ndi CPU zikugwira ntchito limodzi, njira imeneyi kawirikawiri imatsitsa kutentha kwa CPU.

Mtengo wake ndi fumbi. Kumbuyo kulibe sefa, ndiye muyenera kuikako yanu, ija ya maginito. Ndipo ngati ntchito yanu ndi ya CPU yokha, khadi lili phee, kusiyana kumakhala kochepa. Yesani mbali zonse, n'kungotembenuza fani.

Nanga zoziziritsira zamadzi, ma AIO?

AIO ndi cooler yamadzi yobwera yolumikizidwa kale: pampu yokhala pa CPU, mapaipi ndi radiyeta. Malo ake abwino ndi pa chitsulo cha m'mbali, pamene pamalowa radiyeta ya 240 kapena 280. Chitseko chiyenera kukhala chamabowo. Mafani akamakoka mpweya wa panja kudutsa mu radiyeta, CPU imazizira kwambiri, ndipo khadi silivutika kwenikweni poti lili ndi khomo lakelake pansi. Mpweya wofunda umene walowa umatulutsidwa ndi mafani a pamwamba. Onetsetsani kuti pakati pa radiyeta ndi pampu pali mpata wa mapaipi, komanso kuti makebo a power supply sakukhudza mafani.

Pansi pa kesi pamalowanso radiyeta ya 240 ngati khadi laimikidwa, koma ndi AIO musachite zimenezo. M'kati mwa AIO iliyonse mumakhala kampweya pang'ono, ndipo kamawonjezeka pakapita zaka madzi akamachepa. Mpweya umakwera kumalo okwera kwambiri. Radiyeta ikakhala pansi, malo okwerawo ndi pampu. Pampu yoyenda ndi mpweya imachita phokoso ngati munthu akuchukucha m'kamwa, siikankha madzi bwino, ndipo imatha msanga. Lamulo ndi limodzi: mbali ina ya radiyeta ikhale pamwamba kuposa pampu.

Pamwamba pa NR200 wamba sanapakonzere radiyeta; mpata ndi wa mafani okha. Amene akufuna radiyeta pamwamba ndi amene anawapangira MAX.

Kodi AIO ndi yofunika? Pa CPU zodya magetsi ambiri, monga Core i9 kapena Ryzen 9 zogwira ntchito yolemera tsiku lonse, inde imathandiza. Pa Ryzen 5, Core i5 ndi zina zotero, cooler ya mpweya ikukwanira, ndipo ilibe pampu yoti ife. Fani ikawonongeka mumagula ina kapena kubwereka ya pamwamba. Pampu ikafa, AIO yonse yatha, ndipo ngati mukukhala kumene zinthu zotere mumachita kuitanitsa kunja, kompyuta ikhala chozimitsa masabata angapo.

Ndigule mafani onse 7?

Ayi. Awiri a pamwamba otulutsa mpweya ndiwo ofunika koposa. Yambani ndi amenewo. Awiri a pansi olowetsa mpweya amabwera pachiwiri, ndipo phindu lawo lalikulu n'lakuti mafani a khadi sathamanga kwambiri, phokoso n'kuchepa.

Kunenepa kwa mafani a pansi kumadalira khadi. Pansi pa khadi la masloti awiri pamalowa mafani wamba a mamilimita 25. Khadi likanenepa kupitirira apo, pamafunika opyapyala a 15, monga Arctic P12 Slim kapena Noctua NF-A12x15. Khadi lodzaza masloti atatu onse mwina silisiya mpata n'komwe, ndipo palibe chodandaula: lafika lokha pa mabowo, likudzipumira.

Kuti mudziwe kumene fani ikuuzira, onani mbali imene ili ndi timiyendo togwira mota ndi sitika: mpweya umatulukira kumeneko. Ma bodi a Mini-ITX amakhala ndi malo olumikizira mafani awiri kapena atatu okha, ndiye mudzafuna kebo yogawa. Mafani awiri kapena atatu pamalo amodzi si vuto.

Power supply yanga yakale ya ATX ingagwire ntchito?

Kesi imabwera ndi khola la ma power supply aang'ono, otchedwa SFX ndi SFX-L. SFX ndi ya mamilimita 125 ndi 100 ndi 63.5, SFX-L ndi yotalikirapo, 130 m'malo mwa 100, ndipo imakhala ndi fani yaikulu. Ya ATX imafuna chomangira china chapadera, ndipo ikalowa imadya malo a khadi lalitali, makebo ake ataliatali n'kudzaza paliponse. Ndalama zimene mwapulumutsa mudzazilipira ndi mtima.

Ngati mungathe, sankhani SFX yeniyeni, yokhala ndi makebo ochotseka. Mamilimita 30 amene SFX-L imawonjezera amatsikira pomwe makebo amapindikira pamwamba pa khadi. Fani ya power supply iyang'ane kunja, kuchitseko chamabowo, kuti izipuma mpweya wakewake.

Ndaimika khadi, koma sikirini ili bii. Chawonongeka n'chiyani?

Mwina palibe chawonongeka. NR200P zoyamba zinkabwera ndi riser ya PCIe 3.0. Mukalumikiza khadi la PCIe 4.0 pa motherboard ya 4.0 kudzera m'kebo imeneyo, ziwirizo zimayesa kulankhulana pa liwiro limene kebo siingakwanitse, ndipo zotsatira zake ndi mdima kapena kompyuta yomangozima. Chotsani riser, lowetsani khadi mwachindunji mu bodi, lowani mu BIOS (makonzedwe a motherboard amene mumalowamo kompyuta ikungoyaka), sinthani liwiro la slot kuchoka pa Auto kupita pa Gen 3, kenako bwezerani riser. Kumbukirani kuti mukadzasintha BIOS kapena batire la motherboard likadzatha, zosinthazo zimafufutika ndipo mdima uja umabweranso.

Madigiri angati ndiwo oopsa?

CPU za masiku ano zimadziteteza zokha. Ryzen 7000 zambiri zinapangidwa kuti zizikwera mpaka madigiri 95 pa ntchito yolemera, ndipo Intel zambiri malire ake ndi 100. Zikafika pamenepo zimachepetsa liwiro, sizipsa. Khadi la graphics likamayenda m'ma 70 pa masewera, lili bwino. Pulogalamu ya HWiNFO imaonetsa zonsezi, kuphatikizapo ngati chipangizo chayamba kudzichepetsa liwiro.

Chimene anthu amaiwala ndi kutentha kwa chipinda. Fani siipanga kuzizira. Imangobweretsa mpweya umene ulipo. Oyesa zipangizo ambiri amayesera m'zipinda za madigiri 21 mpaka 25. Inu muli m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Salima kapena ku Chikwawa, masana a Okutobala, chipinda chili pa 35. Madigiri 10 owonjezerawo mudzawaona pa CPU ndi pa khadi pafupifupi onse. Ndiye musaone manambala a anzanu a ku London n'kuyamba kumasula cooler.

Fumbi ndithana nalo bwanji?

Poyamba, kesi ichoke pansi. NR200 imapumira kumimba, ndiye mukaiika pa simenti imakoka chilichonse chimene tsache lasiya, ndipo pa kapeti imatsamwa. Ikhale pa tebulo lolimba, pasakhale nsalu pansi pake, ndipo pamwamba pake musaikepo mabuku kapena kansalu koluka kaja timakongoletsera wailesi.

Mafani olowetsa mpweya akaposa pang'ono otulutsa, mpweya umatulukira m'ming'alu m'malo molowerapo, ndipo fumbi lambiri limathera pa masefa. Sefa ya pansi ndi imene imadzaza msanga; m'chilimwe, makamaka ngati muli pafupi ndi msewu wadothi, muziiyang'ana masabata awiri kapena atatu aliwonse. Popukuta m'kati, zimitsani kompyuta, zulani kukhoma, gwiritsani ntchito kaburashi kofewa ndi chouzira mpweya, ndipo gwirani fani ndi chala kuti isazungulire yokha mwaliwiro.

Yazizira koma ikusokosa. Ndichitenji?

Lowani mu BIOS mukonze liwiro la mafani. Ma bodi ambiri amathamangitsa mafani CPU ikangolumpha madigiri pang'ono, ndiye mumangomva kukwera ndi kutsika kosatha. Ikani kuti azichedwa masekondi angapo asanasinthe liwiro, ndipo a kesi aziyenda mofatsa mpaka kutentha kutakweradi.

Kenako chepetsani magetsi amene zipangizo zikudya. Pa Ryzen pali Eco Mode ndi Curve Optimizer; pa khadi, MSI Afterburner imalola kutsitsa malire a mphamvu. Kutsitsa khadi kufika pa 80 peresenti nthawi zambiri kumachotsa liwiro lochepa kwambiri poyerekeza ndi kutentha ndi phokoso zimene zimachoka. Kwa amene amadalira UPS kapena inveta magetsi akazima, ma watt opulumukawo ndi mphindi zowonjezera zosungira ntchito.

Bwanji osangogula kesi yochepa kuposa iyi?

Makesi ngati Terra ndi A4-SFX amagwiritsa ntchito kamangidwe kotchedwa sandwich: khoma pakati, motherboard mbali imodzi, khadi mbali inayo, riser n'kuzilumikiza. Chilichonse chimapuma pachitseko chake, zomwe n'zabwino, koma cooler ya CPU imakhala yaifupi kwambiri. Mu Terra, imene inatuluka mu 2023, khoma la pakatilo limasuntha, ndipo malo a cooler amachokera pa mamilimita 48 kufika 77. Mukapatsa khadi mpata, mwalanda CPU. Ngati mumayenda ndi kompyuta m'chikwama, n'zomveka. Ngati ingokhala pa tebulo, malita 8 amene mwapulumutsa simudzawaona, koma phokoso la kafani kakang'ono mudzalimva.

Pomanga, ndiyambire pati?

Chotsani zitseko zonse, chapamwamba ndi chitsulo cha m'mbali. CPU, RAM, M.2 ndi zomangira cooler muziike motherboard ili pa tebulo. Kebo ya CPU ya mapini 8 ilumikizeni bodi isanalowe kapena cooler isanamangidwe, chifukwa ili pakona ya pamwamba imene chala sichifikanso pambuyo pake. Lumikizani makebo ku power supply isanalowe m'khola, ndipo muike okhawo amene mukufuna. Mangani mafani a pansi, kenako khadi. Makebo otsala apindireni pansi pa power supply ndi kuwamanga ndi tizingwe, kutali ndi mafani a khadi.

Chapamwamba chibwere pomaliza. Musanachitseke, zungulitsani fani iliyonse ndi chala kuti mumve ngati ikukhudza waya. Waya wa mabatani a kutsogolo ndi wa power supply amadutsa pafupi pomwepo, ndipo ndi amene amakonda kulowa m'mapiko. Yatsani kompyuta zitseko za m'mbali zisanabwerere, muone kuti mafani onse akuzungulira ndipo akuuzira kumene mumafuna. Kapepala kopyapyala mukakayandikitsa pansi pa kesi kayenera kukokedwa, ndipo pamwamba kayenera kuuluka.